Pulogalamu ya pa kompyuta ikauma kapena ikatseka yokha: mmene mungapezere vuto pang'onopang'ono

Tsiku lina Loweruka m'mawa, amayi ena amene ali ndi shopu ya zitenje ndi mabulangeti ku Kamwala, muno mu Lusaka, anandiimbira foni mawu ali m'mwamba. Anati, "Achimwene, chinthu chanu chija chafriza, ndipo makasitomala ali pamzere mpaka pakhonde." Pulogalamu imene ankanenayo ndinailemba ine ndi Python ndi Qt (chida chopangira mazenera ndi mabatani), yosungira katundu wa m'shopu ndi kutulutsa malisiti, ndipo pa laputopu yanga inali isanavutepo ngakhale kamodzi. Nditafika ndinapeza zenera layera ngati lathiridwa ufa, pamwamba pake palembedwa kuti "Not Responding", mtsikana wogulitsa akudina batani lomwelo mobwerezabwereza, ndipo amayiwo abwerera kale ku kabuku ka malisiti olemba pamanja.

Ndalemba malangizo awa kwa inu amene mukulemba mapulogalamu okhala ndi zenera, mabatani ndi timabokosi tolembamo, kaya mukuphunzira ku UNZA kapena ku koleji ina, kaya mwayamba kale kugulitsa timapulogalamu ku mashopu, ku masukulu ndi kumalo ogulitsira mankhwala muno mu Lusaka. Zitsanzo zambiri ndi za Python, pogwiritsa ntchito Tkinter ndi Qt, zida ziwiri zopangira mazenera, chifukwa ndi zimene ndimagwira tsiku ndi tsiku, koma pamene pakufunika nditchulanso za Java ndi C#. Chimene ndikufuna kuti mugwire ndi ichi: pulogalamu ya zenera ikalakwa siyankhula. Ya pa terminal, zenera lakuda lolembamo malamulo, ikagwa imakusiyirani mizere yosonyeza pamene yagwera, pamene ya zenera imangouma, kapena kuzimiririka, kapena batani lake limangokhala duu ngati simunalidine. Ntchito yanu yoyamba ndi kuikakamiza kuti inene chimene chaivuta, ndipo kukonza kwenikweniko kumabwera pambuyo.

Yambani ndi kufunsa, musanatsegule khodi

Munthu wogwiritsa ntchito pulogalamu akati "yasiya kugwira ntchito", mawu amenewo angatanthauze zinthu zisanu zosiyana, choncho musathamangire ku khodi. Safunsa anadya phula. Mufunseni kuti anadina chiyani komaliza, anali atalemba chiyani m'timabokosi, vutolo limabwera nthawi zonse kapena mwa apo ndi apo, komanso ngati china chake chasintha pa kompyutayo posachedwapa, monga makina osindikizira atsopano kapena kuzima kwa magetsi dzulo lake. Mupempheni ajambule sikirini yonse ndi foni n'kukutumizirani pa WhatsApp, ndipo munenetse kuti ikhale yonse, chifukwa anthu ambiri amajambula kabokosi ka uthenga kokha n'kusiya zimene zili kumbuyo kwake, pamene nthawi zambiri yankho limakhala kumbuyoko.

Kenako yesetsani kulibweretsanso vutolo ndi manja anu. Ngati pa kompyuta yanu silikubwera, tengani kope la database ya kasitomalayo, mwa chilolezo chake, muyesere pamenepo. Ku Kamwala kuja chinsinsi chinali chomwechi: ine ndinkayesera ndi katundu makumi awiri ongopeka, pamene shopuyo inali italowetsa malonda a miyezi yambiri.

Chachiwiri, ipatseni pulogalamu pakamwa

Itseguleni kuchokera pa terminal m'malo modina kachithunzi kake. Pa Windows pali python.exe ndi pythonw.exe, yachiwiriyi siitsegula zenera lakuda lija, ndipo uthenga uliwonse wa cholakwika umatayika popanda woona. Chimodzimodzi ngati munamanga pulogalamuyo ndi PyInstaller, chida chosandutsa khodi ya Python kukhala fayilo ya exe, n'kuikapo --windowed. Pofufuza vuto, mangani kope lina lopanda --windowed, mulitsegule pa terminal ya kompyuta imene ikuvutayo, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti uthenga umene mwakhala mukuufuna sabata yonse unalipo kuyambira kale.

Dziwaninso kuti zida zosiyanasiyana zimachita mosiyana cholakwika chikachitika mkati mwa function ya batani. Tkinter imalemba uthengawo pa terminal n'kupitiriza ngati palibe chachitika, n'chifukwa chake batani limaoneka ngati lafa. PyQt, imene ndi Qt ya mu Python, kuyambira pa 5.5, imatseka pulogalamu yonse nthawi yomweyo ngati cholakwikacho simunachigwire, n'chifukwa chake zenera limangozimiririka. Zizindikiro ziwirizi zimaoneka zosiyana kwambiri, koma gwero lake likhoza kukhala limodzi, mwina kungoti munthu walemba chilembo m'kabokosi kofuna nambala.

Mankhwala ake ndi kulemba zolakwika zonse mu fayilo. Kumayambiriro kwenikweni kwa pulogalamu ikani izi:

logging.basicConfig(filename=njira_ya_fayilo, level=logging.INFO)
sys.excepthook = lembani_cholakwika

Function ya lembani_cholakwika ilembe uthenga wonse mu fayiloyo ndi kuonetsa munthu kabokosi kaulemu komuuza kuti china chake chalakwika. Mu Tkinter, sys.excepthook yokha siikwanira pa zolakwika za m'mabatani. Muyenera kusinthanso report_callback_exception ya zenera lalikulu. Ngati pulogalamu ikugwa popanda uthenga uliwonse wa Python, ndiye kuti yagwera pansi, mu khodi ya C kapena C++ imene zida zimenezi zinamangidwira. Pamenepo yatsani faulthandler, imene imaonetsa mzere umene pulogalamu yagwera ndipo ili mu Python kuyambira pa 3.3, ndipo pa Windows tsegulani Event Viewer muone dzina la fayilo ya DLL imene yagwetsa zinthu.

Musanachoke pa gawo lino, fufuzani mu khodi yanu yonse malo amene munalemba except kenako pass. Ndikudziwa chifukwa chake timalemba zimenezi: timafuna kuti pulogalamu isagwe pamaso pa kasitomala. Koma kuteroko n'kumanga pakamwa mboni yokhayo imene inaona zimene zinachitika, ndipo ine sindilandiranso khodi yotero kwa achinyamata amene ndimagwira nawo ntchito.

Chachitatu, zenera likauma

Apa ndi pamene ndikhalitse, chifukwa theka la mavuto amene ndakumana nawo amachokera pano. Pulogalamu iliyonse ya zenera ili ndi chimene amachitcha event loop: mu Tkinter ndi mainloop, mu Qt ndi exec, mu Swing ya Java ndi Event Dispatch Thread. Iganizireni ngati shopu yokhala ndi wogulitsa mmodzi yekha pa kauntala. Kudina kwa mausi, chilembo chilichonse cholembedwa pa kiyibodi, ngakhale pempho loti zenera lijambulidwenso, zonsezo zimaima pamzere umodzi, ndipo wogulitsayo amazithandiza chimodzichimodzi. Mukamutuma kuti apite kuseri akawerenge mabelo onse a m'nyumba yosungiramo katundu, mzere wonse umaima mpaka abwere. Sikirini zambiri zimajambulidwanso ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti ntchito yopitirira mamilisekondi 16 imayamba kale kuoneka ngati kudodoma, ndipo pakadutsa masekondi 5 pulogalamu isanayankhe mauthenga ake, Windows imaliyeretsa zeneralo n'kulemba "Not Responding". Pulogalamuyo siinafe ayi, wogulitsa ali kuseri.

Kuti mudziwe kumene wapita, musaganizire chabe. Zenera likauma, imitsani pulogalamuyo mu debugger, chida choyendetsera khodi mzere ndi mzere, muone mzere umene yaimapo. Ngati ili pa kompyuta ya kasitomala, py-spy dump imakuonetsani zomwezo pa pulogalamu ya Python imene ikuyenda kale, ndipo ya Java ili ndi jstack. Olakwa amakhala omwewomwewo: funso lalikulu ku database, kuwerenga fayilo yaikulu ya Excel, kudikira makina osindikizira amene azimitsidwa, time.sleep imene munaiika kuti uthenga uoneke kwa kanthawi, ndiponso intaneti. Pa intaneti chenjerani kwambiri, chifukwa requests ya Python ilibe malire a nthawi yodikira pokhapokha mutaika timeout nokha, ndipo netiweki ikamadukaduka pakati pa ntchito, pulogalamu yanu ikhoza kudikira mpaka kalekale.

Ngati mumangofuna kuti chinthu chichitike pakapita nthawi, musagwiritse ntchito sleep. Tkinter ili ndi after, Qt ili ndi QTimer, ndipo zonsezi zimalembetsa ntchitoyo pamzere n'kumusiya wogulitsa apitirize kuthandiza anthu. Koma ngati ntchitoyo ndi yolemeradi, ipatseni thread ina, imene ili ngati wothandizira wogwira ntchito kuseri wogulitsa akadali pa kauntala. Pamenepa pali lamulo limodzi limene simuyenera kuliphwanya: thread yothandizayo isakhudze chilichonse cha pa zenera. Isalembe mu label, isasunthe progress bar, isatsegule kabokosi ka uthenga. Imalize ntchito yake, kenako itumize zotsatira kwa thread yaikulu, imene yokha ndiyo ili ndi chilolezo chojambula. Njira yotumizira imasiyana mayina okha. Mu Qt mumasamutsira ntchito ku QThread ndi moveToThread n'kutumiza zotsatira ndi signal. Mu Tkinter mumaika zotsatira mu queue.Queue, ndipo zenera limasuzumiramo ndi after pa mamilisekondi 100 aliwonse. Mu Swing muli SwingWorker ndi SwingUtilities.invokeLater, mu JavaFX muli Platform.runLater, mu Windows Forms ya C# muli Invoke, mu WPF ya C# muli Dispatcher, ndipo mu GTK muli GLib.idle_add.

Kuopsa kwa kuphwanya lamuloli n'kwakuti chilango sichibwera nthawi yomweyo. Pulogalamu ikhoza kuyenda bwino masiku khumi n'kudzagwa pa tsiku lakhumi ndi chimodzi popanda chifukwa chooneka. Windows Forms imakuchenjezani ndi uthenga wakuti "Cross-thread operation not valid" mukamayendetsa pulogalamu mu debugger, koma kunja kwa debugger chenjezolo silibwera ndipo cholakwikacho chimangobisala. Tkinter nthawi zina imati "main thread is not in main loop". Choncho mukaona pulogalamu imene imagwa mwa apo ndi apo, ndipo muli ndi thread yoposa imodzi, yambani kukayikira pamenepa. Kumbukiraninso kuti sqlite3 ya Python, yolumikizira ku database ya SQLite, imakana kuti thread ina igwiritse ntchito connection imene inatsegulidwa ndi inzake. Thread iliyonse itsegule yakeyake.

Pali njira yachidule imene ambiri amaikonda, ndipo ndikufuna ndikuchenjezeni nayo. Mkati mwa ntchito yaitali amaitana processEvents mu Qt, update mu Tkinter kapena DoEvents mu Windows Forms, ndipo zenera limasiyadi kuuma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukatero mwalola kuti mabatani ena adinidwe ntchito yoyamba isanathe, kuphatikizapo batani lomwelo. Ndinaona ndi maso anga, pa pulogalamu imene ndinapatsidwa kuti ndikonze, malonda amodzi atalowa kawiri mu database chifukwa wogulitsa anadina kawiri, ndipo madzulo ndalama za m'kabati sizinagwirizane ndi za mu kompyuta. Amene anakayikiridwa anali mnyamata wogulitsayo, pamene cholakwa chinali cha khodi. Ichi n'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mopepuka. Kaya mwasankha njira iti, batani likangodinidwa lizimitseni kuti lisadinikenso, muonetse munthu kuti ntchito ikuyenda, ndipo mudzaliyatse ntchito ikatha, ngakhale itatha ndi cholakwika.

Ku Kamwala kuja vuto linali lakuti lisiti lililonse likatuluka, pulogalamu inkawerenganso malonda onse kuyambira tsiku loyamba n'kudzaza tebulo la pa zenera mzere ndi mzere. Ndinaika index pa deti mu database kuti kufufuza kuzifulumira, ndinachititsa kuti tebulo lizionetsa za tsiku limenelo zokha, ndipo lipoti la mwezi ndinalisamutsira ku thread ina.

Chachinayi, batani losamva ndi zinthu zozimiririka

Ngati function ya batani ikuchitika pulogalamu ikangotseguka, koma mukadina osachitika kanthu, yang'anani ngati munalemba command=sungani() m'malo mwa command=sungani. Ndi mabulaketi aja mwaiitana function nthawi yomweyo, ndipo batani mwalipatsa zotsatira zake, zimene nthawi zambiri ndi None. Ngati mwapanga mabatani ambiri mu loop ndipo onse akuchita ntchito ya batani lomaliza, ndi chifukwa chakuti lambda, function yopanda dzina imene munapatsa batani, imayang'ana mtengo wa i, nambala yowerengera loop, pa nthawi yodina, pamene loop inatha kale; lembani lambda i=i kuti batani lililonse lisunge nambala yake. Mu PyQt muli msampha wina pamwamba pa umenewu: signal ya clicked imatumiza True kapena False, ndipo mtengo umenewo umalowa m'malo mwa i wanu, kotero lembani lambda checked, i=i. Ngati function ikuchitika kawiri pa kudina kumodzi, ndiye kuti connect mwaiitana kawiri, kawirikawiri chifukwa ili mkati mwa function imene imayenda nthawi iliyonse zenera likatsegulidwa.

Zozimiririka nazo zili ndi gwero limodzi. Python imachotsa mu memory chinthu chilichonse chimene palibe dzina lochigwira. Mukatsegula chithunzi ndi PhotoImage mkati mwa function n'kuchiika pa label, function ikatha chithunzicho chimachotsedwa, ndipo pamalo pake pamangotsala bokosi lopanda kanthu, popanda uthenga uliwonse. Zenera lachiwiri mu PyQt limene limangophethira n'kutseka limavutika ndi matenda omwewo. Zisungeni pa self, monga self.chizindikiro kapena self.zenera_la_lipoti. Nthawi zina zimachitika mobwerera: Qt yachotsa kale chinthu kumbali ya C++, koma Python ikadali ndi dzina lake, ndipo mumalandira uthenga wakuti "wrapped C/C++ object has been deleted". Pamenepo fufuzani kuti ndi zenera liti limene linali kholo la chinthucho ndipo linatsekedwa liti, chifukwa mu Qt kholo likachotsedwa limapita ndi ana ake onse.

Chachisanu, maonekedwe akasokonekera

Makompyuta ambiri a m'mashopu ndi m'masukulu muno ndi malaputopu ogulidwa atagwirako kale ntchito, okhala ndi sikirini ya 1366 ndi 768. Mukapanga zenera lalitali pa sikirini yanu yaikulu, batani losungira limagwera pansi posaoneka, ndipo kasitomala amakuuzani kuti batani mulibe. Musaike zinthu pa malo owerengeredwa ndi mapikiseli. Gwiritsani ntchito layout, imene imasanja zinthu yokha molingana ndi kukula kwa zenera, ndipo fomu yaitali muiike mu scroll area. Mu Tkinter musasakanize pack ndi grid m'kholo limodzi, chifukwa zimakanirana; gawani zenera m'mafulemu, fulemu iliyonse ndi njira yake.

Yesaninso pulogalamu yanu Windows itakuzidwa kufika pa 125% ndi 150%. Malemba akamaoneka osawala bwino kapena akamadukira m'mabatani, vuto ndi limeneli. Qt 6, imene inatuluka mu December 2020, imakuza zinthu yokha, pamene mu Qt 5 munkayenera kuyatsa AA_EnableHighDpiScaling musanapange QApplication.

Chachisanu ndi chimodzi, zilembo zathu ndi ndalama zathu

Ili ndi gawo limene mabuku akunja sangakuuzeni mwachindunji. Lembani mu pulogalamu yanu kasitomala wokhala ku Ng'ombe, kapena katundu wotchedwa nyama ya ng'ombe, muone chimene chichitike. Ngati funso lanu la SQL mumalimanga polumikiza mawu, kachizindikiro kali pakati pa g ndi o kamatseka mawuwo pakati, ndipo SQLite imadandaula kuti near "ombe": syntax error. Ena amathetsa zimenezi pouza ogulitsa kuti azilemba Ngombe, zimene n'zolakwika kawiri: mwaononga dzina, ndipo mwasiya khomo lotsegula loti munthu wa zolinga zoipa alowetse malamulo ake mu database. Lembani motere:

cur.execute("SELECT * FROM makasitomala WHERE dera = ?", (dera,))

Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'mawu ngati Malaŵi, chili ndi vuto lakelake. Pa Windows, open ya Python yakhala ikutsatira kalembedwe ka kompyutayo, kamene pa makompyuta a Chingerezi ndi cp1252, ndipo m'menemo mulibe ŵ. Zotsatira zake ndi uthenga wakuti 'charmap' codec can't encode character, umene simudzauona pa Linux. Nthawi zonse lembani encoding="utf-8" potsegula fayilo, ndipo ngati ndi CSV yoti ikatsegulidwe mu Excel, lembani utf-8-sig kuti zilembo zisasanduke zinyalala.

Pa ndalama, musasunge makwacha mu float, mtundu wa nambala zokhala ndi kadontho. Lembani 0.1 + 0.2 mu Python ndipo mudzalandira 0.30000000000000004, chifukwa kompyuta imasunga tizigawo timeneti mu binary mosakwanira ndendende. Chiyambire mu January 2013, pamene kwacha inachotsedwa maziro atatu, mangwee anabwereranso pa mitengo, ndipo tizolakwika timeneti tikaunjikana timatulukira pa lipoti la mwezi. Sungani ndalama ngati nambala yathunthu ya mangwee, K12.50 ikhale 1250, kapena gwiritsani ntchito Decimal, ndipo muisandutse makwacha pokhapokha poionetsa pa zenera kapena pa lisiti.

Chachisanu ndi chiwiri, ikagwira kwa inu koma kwa eniake ayi

Yambani ndi njira za mafayilo. Mukalemba open("zithunzi/chizindikiro.png"), Python imafufuza kuchokera pa foda imene pulogalamu yatsegulidwira, imene ingakhale ina munthu akadina shortcut. Werengerani njira kuchokera pamene pali pulogalamuyo. Ngati munamanga fayilo imodzi ya exe ndi PyInstaller, dziwani kuti imadzimasulira mu foda yongoyembekezera imene njira yake ili mu sys._MEIPASS, kuti zithunzi muyenera kuziphatikiza ndi --add-data, komanso kuti foda imeneyo imafufutidwa pulogalamu ikatseka. Database mukaiika m'menemo, ntchito ya tsiku lonse imapita. Mu Program Files namo munthu wamba saloledwa kulemba. Malo oyenera ndi AppData, ndipo Qt imakupezerani malowo ndi QStandardPaths.

Kenako pali mafayilo osowa. Uthenga wonena za VCRUNTIME140.dll ukutanthauza kuti kompyutayo ilibe Microsoft Visual C++ Redistributable. Itengeni kwa Microsoft, musatole DLL imodzi pa masamba osadziwika. Uthenga wakuti Qt platform plugin siinapezeke ukutanthauza kuti qwindows.dll siili mu foda ya platforms pafupi ndi pulogalamu, ndipo windeployqt imasonkhanitsa zonsezi. Pa Linux uthenga womwewo umatchula xcb; ikani QT_DEBUG_PLUGINS=1 musanatsegule pulogalamu ndipo mudzaona dzina la chimene chikusowa, chimene kuyambira pa Qt 6.5 kawirikawiri chimakhala libxcb-cursor0. Funsaninso msanga za msinkhu wa kompyuta ya kasitomala, musanalembe ngakhale mzere umodzi: Python yomaliza kuyenda pa Windows 7 ndi 3.8, Qt 6 siiyenda pamenepo, ndipo pulogalamu ya 64-bit siingatseguke pa Windows ya 32-bit. Musanapereke ntchito, iyeseni pa kompyuta imene mulibe Python kapena zida zanu zilizonse, ngakhale ikhale virtual machine.

Chomaliza, magetsi akazima pakati pa ntchito

Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo aliyense wolemba mapulogalamu muno anaphunzira kuti kompyuta ya pa desiki yopanda UPS, batire yosungira magetsi, imazima pakati pa chiganizo. Ngati pulogalamu yanu imasunga zinthu potsegula fayilo yakale n'kulembamo pamwamba, magetsi akazima pa mphindi imeneyo mumatsala ndi fayilo yoduka kapena yopanda kanthu, ndipo mawa lake pulogalamu imakana kutseguka. Lembani kaye mu fayilo yatsopano, mutsimikize ndi flush ndi os.fsync kuti zafikadi pa disiki, kenako muisinthanitse ndi yakale ndi os.replace; mu Qt, QSaveFile imachita zomwezi. Mu SQLite, malonda amodzi, kuyambira pa lisiti mpaka pa kuchotsera katundu, akhale mu transaction imodzi, kuti zilowe zonse kapena zisalowe n'komwe. Magetsi akabwera mukapeza kafayilo kothera ndi -journal kapena -wal pafupi ndi database, musakafufute poganiza kuti ndi chinyalala, ndipo musakopere database n'kukasiya. SQLite imakagwiritsa ntchito pobwezeretsa zinthu m'malo mwake ikangotsegulidwanso. Mukakayikira, PRAGMA integrity_check idzakuuzani ngati database ili bwino. Ndipo musaike fayilo imodzi ya SQLite pa foda ya pa netiweki kuti makompyuta awiri azilembamo; shopu ikafika pa makauntala awiri, nthawi yakwana yosamukira ku database ya seva ngati PostgreSQL.

Mukayesa zonsezi vuto osaoneka, koperani pulogalamuyo pambali n'kuyamba kuchotsa zidutswa chimodzichimodzi mpaka mutatsala ndi mizere makumi atatu kapena anayi imene ikulakwabe, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati khodi yanu ili mu Git ndipo mukukumbukira kuti mwezi watha inkagwira bwino, git bisect idzakufikitsani pa kusintha kumene kunabweretsa vutolo m'mayeso ochepa chabe.

Ndisanachoke m'shopu ya ku Kamwala tsiku lija, ndinawonjezera pa menyu batani limodzi lolembedwa kuti "Tumizani lipoti la vuto", limene limatsegula foda yokhala ndi fayilo ya zolakwika, ndipo ndinamuonetsa mtsikana wogulitsa uja mmene angaitumizire pa WhatsApp. Patapita masabata angapo fayilo inafikadi, amayi aja asanandiimbire n'komwe. Mzere womaliza unkasonyeza kuti wina analemba mtengo wa chitenje ndi chizindikiro cha koma (,) m'malo mwa kadontho, 85,50, ndipo Decimal inakana. Ndinakonza kuti kabokosiko kazilandira zonse ziwiri, n'kuwatumizira kope latsopano madzulo omwewo.